Mafoni atsopano akugona m'kabati, benchi ndiyo ikutidyetsa

Lolemba pa 15 January 2024 linali tsiku la Chilembwe, koma ine ndinatsegula shopu. Mwezi wa January munthu wa bizinesi sagonera tchuthi, chifukwa lendi ndi fizi ya ana sizidziwa kuti kunja kuli holide. Shopu yanga ili ku Lilongwe, ku Old Town, pafupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo ndakhala ndikugulitsa mafoni pamalopa kuyambira 2016. Timagwiramo atatu: ine, mtsikana wa pa kauntala, ndi mnyamata wokonza mafoni amene benchi yake ili pakona, pafupi ndi zenera.

Tsiku lonse la Lolembalo tinagulitsa foni imodzi ya mabatani ndi matchaja atatu. Mafoni amakono amene ndinawandandalika bwinobwino m'kabati ya magalasi palibe ndi imodzi yomwe imene inachoka. Anthu ankabwera, kuwerama, kufunsa mtengo, kupukusa mutu n'kutuluka. Koma pa benchi ya mnyamata uja panadutsa mafoni 9, ndipo ndalama imene ndinatsekera m'thumba madzulo inali yochokera kwa iye.

Lachiwiri m'mawa mlongo wanga amene amagwira ntchito m'shopu ya mafoni ku Johannesburg ananditumizira nkhani pa WhatsApp. Anangolemba pamwamba pake kuti, "Achemwali, si inu nokha." Inali lipoti ya IDC, bungwe limene limawerengera mafoni amakono amene makampani atumiza kumisika pa dziko lonse. Mu 2023 anatumiza mafoni 1.17 biliyoni, kutsika ndi 3.2 peresenti, ndipo chiwerengerochi chinali chochepetsetsa pa zaka khumi. Chaka cha 2022 ndiye chinali choipa kwambiri, anatsika ndi 11.3 peresenti. Ndinakhala pampando n'kukumbukira kuti mu 2016, chaka chimene ndinkatsegula shopu, chiwerengerocho chinali pa 1.47 biliyoni, ndipo sichinafikenso pamenepo. Ndinalowa bizinesi imeneyi dzuwa lili paliwombo, ine osadziwa kuti latsala pang'ono kupendeka.

Zaka zimenezo foni inkadzigulitsa yokha. Munthu ankachoka pa ya mabatani kubwera pa yokhudza ndi chala koyamba m'moyo wake, akufuna Facebook ndi WhatsApp, ndipo pakatha chaka chimodzi ankabweranso kudzafuna ya kamera yabwinoko. Katundu ndikamutsitsa Lachisanu, pofika Lachitatu ndinkakhala ndikuitanitsa wina.

Mu lipoti lomwelo munali zinthu ziwiri zimene zinandigwira mtima. Choyamba, Apple inaposa Samsung, ndipo aka kanali koyamba kuchokera mu 2010 kuti kampani ina osati Samsung ikhale patsogolo. Chachiwiri, Transsion, kampani ya ku Shenzhen imene imapanga Tecno, Itel ndi Infinix, inalowa m'gulu la makampani asanu akuluakulu, ndipo malonda ake anakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pamene ena ankalira. Mukaziona pamodzi ziwirizi, mupeza kuti amene akupambana ndi wogulitsa kwa anthu olemera kwambiri ndi wogulitsa kwa anthu ngati makasitomala anga. Foni ya mtengo wapakati, imene kale inkandipatsa phindu labwino, ndiyo yasowa mwini wake. Izi sindinafunike kuuzidwa ndi lipoti, kabati yanga imandiuza tsiku lililonse.

Lachitatu ndinataya m'mawa wonse kubanki. Ndinali nditalemba kale pempho la madola oti ndilipire amene amanditumizira katundu ku Dubai, ndipo yankho linali lomwe lija lakuti ndidikire. Sindikwiyira mtsikana wa pa zenera, iye sapanga madola. Koma kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndalama imene inkagula mafoni khumi inayamba kugula asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri. Ndipo imeneyo inabwera pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Ukalephera kubanki umapita kwa anyamata osintha ndalama mumsewu, kumene mtengo wake ndi wina, ndipo zonsezo zimakathera pa mtengo wa foni. Malipiro a mphunzitsi kapena namwino sakwera mofanana ndi dola.

Wa ku Dubai uja anandiimbira masana. Kale ndinkachita kumunyengerera kuti andisungire katundu, lero ndi iye amene akundinyengerera. Ali ndi mafoni a chaka chatha odzaza mosungira katundu, akufuna kundichotsera mtengo ndikatenga ambiri. Ndinamuuza kuti ngakhale andichotsere, ndilibe madola, ndipo ngakhale madola ndikanakhala nawo, ndilibe ogula.

Tsiku limene ndikufuna kulikamba kwambiri ndi Lachinayi. Cha m'ma 10 koloko kunalowa bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa pulayimale wochokera mbali ya Mitundu. Anatulutsa foni m'thumba la jekete atayikulunga m'kansalu. Galasi linali litasweka ngati ukonde wa kangaude, ndipo batire linali litafufuma mpaka kutukula chivundikiro cha kumbuyo. Anayigula kwa ine mu 2020, ndipo anandikumbutsa yekha.

"Mayi, ndabweranso. Mundionere ngati ingadzuke."

Ine mtima wa malonda unandifikira. Ndinatsegula kabati n'kuwaonetsa yatsopano yotsika mtengo. "Bambo, iyi yatopa. Galasi ndi batire mukaphatikiza, mwatsala pang'ono kufika theka la mtengo wa iyi."

Anayitenga, anayitembenuza, anafunsa mtengo, kenaka anayibweza m'manja mwanga ndi manja awiri. "Ndi yokongola, mayi. Koma feteleza wobereketsa sindinamalize kugula, ndipo mtsikana wanga ali Fomu 3. Iyiyi ili ndi Mpamba wanga, ili ndi gulu la aphunzitsi, ili ndi zithunzi za malemu mayi a kunyumba. Ingodzukani basi."

Ndinachita manyazi ndi changu changa chija. Ndinaitana mnyamata wa pa benchi, ndipo anayitsegula pamaso pawo. Anasintha batire, anaika galasi lina, anachotsa fumbi limene linatseka polowera tchaja. Patatha ola limodzi ndi theka foni inayaka, ndipo bambo aja choyamba anatsegula zithunzi. Sanayankhule kanthu kwa kanthawi. Atalipira anafunsa kuti ikhala nthawi yaitali bwanji, mnyamata n'kuwauza kuti akamayisamala, osayisiya pa tchaja usiku wonse, zaka ziwiri ikwanitsa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaona nkhani yoti Samsung yatulutsa Galaxy S24 dzulo lake ku San Jose, ku America, ndipo yalonjeza kuti izidzatumiza mapulogalamu atsopano m'foni imeneyo kwa zaka 7. Google inali italonjeza kale zofanana ndi zimenezi pa Pixel 8. Ndinaganiza za mphunzitsi uja. Makampani eni ake avomereza tsopano kuti munthu sasinthanso foni chaka ndi chaka. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku London akusunga foni yake chifukwa yatsopano sikusiyana kwenikweni ndi imene ali nayo, pamene wa ku Mitundu akuyisunga chifukwa ndalama yapita ku feteleza. Koma kwa wogulitsa, kaya ali ku London kaya ali pa Malangalanga, mapeto ake ndi amodzi: foni yatsopano ikhala m'kabati.

Lachisanu kunabwera mnyamata wa kampani ina yogawa mafoni kuno, atanyamula zikwangwani zoti ndimate pakhomo. Sabata yathayo kunabwera wa kampani ina ndi zikwangwani zakenso. Onse amafuna malo a kutsogolo m'kabati yanga, onse amalonjeza matisheti ndi maambulera, koma phindu limene amandisiyira pa foni imodzi likucheperachepera. Mpikisano wa makampani akuluakulu ukafika pansi pano umaoneka choncho. Tecno, Itel ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi koma amalimbirana kasitomala yemweyo. Samsung yabwera ndi mafoni ake otsika mtengo a Galaxy A, Xiaomi yabwera ndi Redmi. Kunja kwa khomo langa kuli anyamata ogulitsa mafoni a kaunjika ochokera ku Dubai ndi ku Joni, opanda lendi, opanda risiti. Munthu amene wasunga ndalama yake miyezi isanu amayenda mashopu onse a mumsewu uno asanatulutse khobidi, ndipo ali ndi ufulu wotero.

Ndiyenera kunena chilungamo pa Transsion. Anthu ena amanyoza mafoni awo, koma iwo ndi amene anayamba kuganizira munthu wa kuno: malo a makhadi awiri kuti ukhale ndi Airtel ndi TNM m'foni imodzi, batire lokhala masiku angapo kumudzi kopanda magetsi, kamera yojambula bwino khungu lakuda. N'chifukwa chake mu 2023 anakwera pamene ena ankatsika.

Bizinesi imeneyi ndaona ikumeza akuluakulu. Nokia, imene aliyense ankaidziwa, inagulitsa gawo lake la mafoni kwa Microsoft mu 2014. LG inasiyiratu kupanga mafoni mu 2021. Huawei inkayenda bwino kwambiri mpaka boma la America linayiika pa mndandanda wa makampani oletsedwa mu May 2019, ndipo mafoni ake atsopano anayamba kubwera opanda mapulogalamu a Google. Makasitomala anga sankadziwa za mkangano wa America ndi China, ankangofunsa kuti Play Store ili kuti. Ngati makampani otere angagwedezeke, shopu ya chipinda chimodzi iyenera kutsegula maso.

Loweruka titatseka ndinakhala ndi buku langa. Sabata yonse tinagulitsa mafoni amakono 4 ndi a mabatani 7. Pa benchi panadutsa mafoni 46. Nditachotsa mtengo wa zipangizo, phindu la benchi linaposa la kabati kawiri ndi kupitirira. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka October, ndipo mwezi uliwonse unkanena zomwezo, kungoti ine ndinkakana kuona, chifukwa mumtima ndimadzitenga ngati wogulitsa mafoni, osati mwini malo okonzera.

Ndinamuitana mnyamata wa pa benchi uja asanakwere kabaza. Ndinamufunsa chimene chimamuchedwetsa pa ntchito. Anati magalasi abwino amatha msanga, ndipo otsika mtengo amene tinagula ulendo wina anthu akumabwera nawo pakatha mwezi. Anatinso makina olekanitsira galasi amene ali nawo ndi akale, ndipo ali ndi mng'ono wake amene anamaliza Fomu 4 ndipo manja ake ndi odekha.

"Mubwere naye Lolemba," ndinatero. "Tiyambe tamuona."

Usiku womwewo ndinalembera wa ku Dubai kuti oda ya mafoni 30 ija aichepetse ifike pa 10, otsika mtengo okhaokha, ndipo ndalama yotsalayo aikemo magalasi, mabatire ndi makina atsopano a pa benchi. Anandiyankha kuti amalonda ambiri a ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam akumupempha zomwezo. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapita kushopu ndi mwamuna wanga, tinakankhira kabati ya magalasi kukhoma, benchi n'kuibweretsa kutsogolo, pamene munthu wodutsa mumsewu angaione.