Funso limodzi la moko landikwiyitsa sabata yonse

Sabata yathayi tinali pa ntchito yochonga mayeso a moko a Fomu 4. Aphunzitsi anzanga mukudziwa mmene zimakhalira: mapepala ali mulu patebulo, bolopeni yofiira wagula ndi ndalama yam'thumba, uku a Fomu 2 akutumiza mwana kudzakuitana kuti nthawi yakwana. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda mwa masiku onse. Nkhani inavuta Lachitatu, pa funso limodzi la galamala ya Chingerezi.

Funsolo linati: "The price of fertiliser has ____ again this year." Mayankho osankhapo anali raised, rose, risen ndi arisen. Pepala la mayankho lochokera kwa amene anakonza mayesowo linkati yankho ndi raised. Zimenezo n'zolakwika. Yankho ndi risen, ndipo si nkhani yoti awiri angaione mosiyana.

Rise ndi mneni wosayambukira, chinthu chimakwera chokha, ndipo amasintha motere: rise, rose, risen. Raise ndi woyambukira, amafuna pamtherankhani, payenera kukhala wokweza ndi chokwezedwa. Munganene kuti "traders have raised the price" kapena "the price has been raised", koma m'funso lija been munalibe. Ana athu sachedwa kugwira zimenezi ukayambira pa zomwe akudziwa kale: kukwera ndi kukweza, kudzuka ndi kudzutsa, kugwa ndi kugwetsa. Mwana aliyense ukamuuza kuti "mtengo wa feteleza wakweza" amafunsa nthawi yomweyo kuti wakweza chiyani. Chingerezi chili ndi aneni oyenda awiriawiri otere, monga lie ndi lay, sit ndi set, ndipo raise yemweyu analowa m'Chingerezi kuchokera ku Old Norse, chilankhulo chakale cha kumpoto kwa Ulaya, komwe ankatanthauza kuchititsa chinthu kuti chikwere.

Ndinatenga pepalalo kupita nalo kwa mkulu wa dipatimenti yathu ya zilankhulo. Anawerenga, n'kugwedeza mutu. "Madamu, mfundo yanu ndaimva. Koma sukulu zonse za kuno zikuchonga ndi pepala lomweli. Tikasintha ife tokha, malikisi athu sagwirizana ndi a anzathu." Ndinapempha kuti tiimbire amene anakonza mayeso. Anati nthawi palibe, malikisi akufunika Lachisanu. Ndinati chabwino, titsegule dikishonale aliyense aone yekha. Sukulu yonseyi ili ndi dikishonale imodzi, chikuto chinachoka kalekale, ndipo masamba a chilembo cha R ambiri anathothoka. Teremu iliyonse timalemba madikishonale pa mndandanda wa zofunika kugula, teremu iliyonse amatiyankha kuti tidikire. Mapeto ake ndinawaonetsa pafoni panga, pa bandulo yanga. Onse mu staff room anavomera kuti yankho ndi risen, koma lamulo linakhalabe loti tichonge raised.

Ife timasinthana mapepala, sindichonga kalasi yanga. Ndiye Lachinayi pobweza mapepala a 4A ndinapeza kuti onse amene anasankha risen athethedwa. Belu litalira anatsala mtsikana wina amene sakonda kuyankhula m'kalasi koma salephera kulemba ntchito ya kunyumba. Anabwera ndi kope lake, n'kufunsa motsitsa mawu: "Madamu, si paja munati has imayenda ndi risen?" Nditayang'ana m'kopemo ndinaona kuti pa notsi zomwe ndinawalembetsa teremu yatha, iye wakhwatcha kale risen n'kulemba raised pamwamba pake. Anakhulupirira cholembera chofiira kuposa mutu wake. Malikisi amodzi si kanthu kwenikweni, koma mwana amene ankadziwa chinthu tamuphunzitsa kudzikayikira, mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena.

Masana a tsiku lomwelo ndinali ndi mapiriyodi awiri otsatana. Ndinasiya zomwe ndinakonzekera, n'kulemba RISE pakati pa bolodi. Ndinawauza kuti aliyense atchule chiganizo chomwe anamvapo liwuli. Anayamba ndi dzuwa, "the sun rises", lomwe kwathu timati latuluka. Wina anatchula mitengo ya zinthu pamsika. Wina, yemwe mayi ake amaphika mandasi, anafunsa ngati ufa ukafufuma ndi rise yemweyo, ndinati inde, "the dough has risen". A kwaya anakumbukira za Pasaka, "He is risen", kuuka kwa akufa, ndipo ndinawachenjeza kuti is risen ndi Chingerezi chakale cha m'tchalitchi, pa mayeso alembe has risen. Za mtsinje zinawadabwitsa. Madzi akachuluka nthawi ya dzinja timati "the river is rising", koma "the Zambezi rises in north-western Zambia" akutanthauza komwe mtsinjewo unayambira. Kukhothi woweruza akamalowa amati "all rise", anthu aimirire, pomwe Nyumba ya Malamulo ikachita rise ndiye kuti yatseka zokambirana. Anthu akaukira ulamuliro ndi rise up, n'chifukwa chake mu History amawerenga za Chilembwe uprising ya mu 1915.

Tinakhudzanso rise ngati dzina: "a rise in prices", "give rise to" kutanthauza kuyambitsa, komanso kukwera kwa malipiro, komwe ku Britain amati a pay rise koma ku America amati a raise. Ndikuganiza kuti zoterezi n'zimene zimasokoneza ngakhale akuluakulu. Arise ndinangomudutsa mwachidule: ndi wa mavuto ndi mafunso akabuka, "a problem has arisen", si wa mitengo ya katundu. Kenako ndinawauza poyera kuti pepala la mayankho linalakwitsa, ndipo aliyense abwezeretse risen m'kope mwake. Amene anapatsidwa malikisi pa raised ndinawauzanso chimodzimodzi, chifukwa iwowa ndi amene akanalowa m'chipinda cha mayeso atanyamula cholakwika.

Lachisanu linatha ndi kuwonkhetsa malikisi ndi kudzaza mafomu mpaka dzuwa kupendeka. A 4A ndinawakonzera ndekha funso lija, n'kulemba kalata kwa ahedi yofotokoza zomwe ndachita ndi chifukwa chake, ndi kupemphanso madikishonale. Ahedi anati akaitula nkhaniyi ku msonkhano wa ahedi anzawo. Malikisi a 4B, kalasi yomwe si yanga, anapita monga mmene pepala la mayankho linanenera. Ngati nanunso munachonga pepala lomweli ku sukulu kwanu, bwererani pa funso la feteleza lija musanayambe kubwereza ndi ana.