Ndasankha Nikon D3500

Kwa amene mukufuna kuyamba kujambula ndi kamera ya DSLR (kamera ya dijito yokhala ndi kalilole mkati, imene mumatha kusintha malenzi ake), ndayerekeza Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D, makamera amene anatuluka mu 2018 ndipo onse ali ndi mamegapikiselo 24. Pa maonekedwe a zithunzi sakusiyana kwenikweni. Chimene chandikokera ku Nikon ndi batire, chifukwa likadzaza limajambula zithunzi zoposa 1,500 pomwe la Canon limathera cha pa 500, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri mukamajambula ukwati tsiku lonse kumudzi kopanda magetsi. Nikon imajambulanso zithunzi 5 pa sekondi pomwe Canon imajambula 3 zokha. Canon ikupambana pa Wi-Fi, pakuti Nikon imadalira Bluetooth imene imachedwa potumiza zithunzi ku foni. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani kuchuluka kwa zithunzi zimene yajambulapo.