Chikuku, chitenje ndi njira ya ku Dziwe la Nkhalamba

Loweruka usiku

Ndikulemba miyendo ili m'beseni la madzi ofunda. Ana onse awiri agona 7 koloko isanakwane, nsima osaidikira, ndipo amayi ali kuchipinda akudzithowa m'mawondo. Lero takwaniritsa zomwe tinamulonjeza mnyamata wathu sukulu isanatsekere, kuti akakhoza mayeso a Sitandade 3 tidzapita naye ku Dziwe la Nkhalamba. Mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amaliona m'mawa uliwonse akamatsuka mkamwa, koma anali asanapondeko.

Mkangano unayamba tambala atangotsika, ndipo unali wa chikuku.

Kamtsikana kathu kali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 8. Kusikelo mwezi watha kanalemera makilogalamu 11. Kamayenda, inde, koma kuyenda kwa mwana wamsinkhu umenewu n'kwa masitepe khumi kenako manja m'mwamba. Chikukucho anatitumizira achemwali anga omwe amagwira ntchito ya unamwino ku Florida, m'dziko la America. N'chopinda, chili ndi kadenga kotchinga dzuwa ndi kadengu kunsi koikamo matewera ndi botolo. Amayi atandiona ndikuchitulutsa anagwira pakamwa. "Mwananga, kuphiri kumapita ngolo? Nonsenu asanu ndinakulererani kumbuyo kwangaku. Kudimba, kuchigayo, kumaliro, chitenje chokha."

Bambo a ana sanayankhe, apongozi awo sawatsutsa pamaso. Anangondiyang'ana ine.

Amayi sananame. Komabe pali chimene anthu ambiri sachidziwa akandiona ndikukankha chikuku pa Chitakale. Kamtsikanaka kanabadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo chichokere kuchipatala chiuno changa sichinabwererenso mwakale. Ndikabereka mwana kupitirira theka la ola, usiku wake ndimagona chotembenukatembenuka. Pamsika ndinamvapo mayi wina akuuza mnzake kuti "taonani za chizungu", ndipo zinandipweteka kwambiri, chifukwa palibe mayi amene safuna kumva kutentha kwa mwana wake pamsana. Ndinawauza amayi kuti tinyamule zonse ziwiri. Anapinda zitenje ziwiri n'kuziika m'chikwama chawo osanenanso kanthu.

Pa Chitakale tinakwera Sienta yopita ku Phalombe. Dalaivala anati chikuku ndi katundu, tilipire padera, ndipo tinalipira. Anachipanikiza kumbuyo pamwamba pa matumba a chimanga, mtima wanga uli m'mwamba kuti chitsulo chipindika. Mnyamata wanga anakakamira pazenera njira yonse, akuwerenga anthu m'minda ya tiyi mpaka khoma lamwala la Chambe linatulukira. Apo anangoti chete.

Titatsika pa Likhubula ndinamukhazika mwana m'chikuku, ndikumva bwino mumtima. Zinayenda bwino pomwe panali phula basi. Msewu wokwera kupita ku ofesi ya zankhalango ndi wafumbi ndi miyala, ndipo timatayala take n'tating'ono ngati mbale ya ndiwo, topangira pansi posalala. Takutsogolo tinkangozungulira pamalo amodzi, kenako n'kukodwa. Mwana ankagwedezeka mutu ngati ali pa kabaza. Bambo ake anayesa kuchikoka chafutambuyo, zinathandizako pang'ono, koma pofika pachipata thukuta linali kamukamu ulendo weniweni usanayambe.

Titalipira zolowera tinapeza mnyamata wotilondolera njira, mmodzi mwa amene amadikira alendo pamenepo. Anachiyang'ana chikuku n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, ichi chitsale. Kutsogoloku ndi mizu ndi miyala yokhayokha." Bambo wina wogulitsa ziboliboli ndi ndodo zokwerera phiri anavomera kutisungira kuseri kwa benchi lake. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati pali chobelekera mwana chochita hayala, chija chokhala ngati chikwama chakumbuyo chokhala ndi mpando. Anati alendo akunja obwera ndi ana ang'ono amabwera ndi chawo, iye ntchito yake ndi njira ndi zikwama. Kenako anadzipereka kuti amunyamule yekha mwanayo. Ndi mnyamata wamphamvu, anatiuza kuti amathamanga nawo mpikisano wa mapotala, anthu onyamula katundu wa alendo paphiri, wa mwezi wa July, uja amakwera phiri n'kutsika makilomita opitirira 20. Makilogalamu 11 kwa iye si kanthu. Koma atangotambasula manja, kamtsikana kanalira mokuwa mpaka anyani m'mitengo anasuntha. Mwana wamsinkhu uwu sapita kwa munthu wachilendo, ngakhale munthuyo akhale wabwino chotani.

Tinayamba ndi bambo ake, atamukhazika m'khosi. Panjira yosalala zinali bwino, mwana akugwira makutu a bambo ake n'kumaseka. Koma pokwera pamafunika manja, ndipo munthu amene wagwira miyendo ya mwana alibe manja. Pamalo pena anaterereka pa kamchenga kapamwala, anagwada ndi bondo limodzi. Sanagwe, mwana sanakhudze pansi, koma ine m'mimba munatentha. Amayi anangotsegula chikwama chawo. "Bambo, mutsitseni kuno."

Ndimafuna ndilembe bwino zimene ndinaona, chifukwa ndaziona kambirimbiri koma lero ndi pomwe ndaziyang'anitsitsa. Amayi anawerama, anamuika mwana pamsana, anaponya chitenje choyamba n'kuchikokera pansi pa matako a mwana kuti akhale ngati wakhala pampando, miyendo itatuluka uku ndi uku. Anamanga pachifuwa. Chachiwiri anachikulunga pamwamba n'kumanga m'chiuno, kuti kulemera kusakhale pamapewa pokha. Zonsezi mphindi imodzi sinakwane. Kenako anatola ndodo n'kutsogola. Manja onse awiri ali omasuka, mwana ali phee, kulemera kwake kuli pafupi ndi thupi moti sakukokera munthu kumbali. Mayi wazaka zoposa 60 anakwera chitunda chomwe chinagonjetsa chikuku chochokera ku America ndi mapewa a mwamuna wanga. Tisanafike pakati pa njira mwana anali atagona, tsaya lili pa msana wa agogo ake.

Sindinkafuna kuti amayi amubereke njira yonse, ndiye tinkasinthana. Ine ndinabereka mphindi khumi zokha pamalo osalala. Bambo ake nawonso anamangiriridwa chitenje, ndipo anayenda nacho osachita manyazi ngakhale anyamata ena omwe tinakumana nawo ankamwetulira. Wotilondolera uja anatenga zikwama zonse, madzi, zakudya, n'kumamugwira dzanja mnyamata wanga podumpha miyala. Panjira anatilozera zipsera m'mbali mwa phiri pomwe nthaka inagumuka nthawi ya namondwe wa Freddy, mu March 2023. Amayi anati uyo ndi napolo, ndipo anakhala kanthawi osalankhula. Kumudzi kwathu tinataya anthu owadziwa chaka chimenecho.

Ulendo woti ena amayenda ola limodzi, ife tinatha pafupifupi maola awiri.

Dziwelo mumayamba kulimva musanalione. Madzi amagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe n'kudzaza dziwe lakuya, lozizira ngati atuluka mufiriji. Mnyamata wanga anaviika phazi n'kulitulutsa msangamsanga, kenako anabwereranso. Sindinamulole kupitirira m'mawondo, ndipo bambo ake anaima pambali pake nthawi yonse. Amayi anamufotokozera zomwe anamva ali mwana, kuti akuluakulu ankati pamalopa pamaoneka mizimu ya nkhalamba, n'chifukwa chake sipochitirapo phokoso lachibwana. Mnyamata wanga anafunsa ngati Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ali pafupi. Wotilondolera anaseka, anati Sapitwa ndi mamita 3,002, ulendo wa masiku, ife tangogwira chala chaphazi cha phiri. Anatiuzanso monyadira kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira. Tinadya mpunga ndi mazira, chinanazi chomwe tinagula pa Chitakale, n'kumwera thobwa.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Mawondo a amayi anayamba kudandaula, ine chiuno chinali chitayamba kale. Titafika pachipata cha m'ma 2 koloko, tonse akuluakulu atatu tinali titatheratu, ndipo kamtsikana kanali kolusa ndi tulo ndi kutentha, kosafuna msana wa aliyense. Apa ndi pomwe chikuku chinabweza ndalama ya Sienta ija. Tinachitenga kwa bambo wa ziboliboli, ndinagonetsa mpando wake, ndinatsitsa kadenga, n'kuchiika pamthunzi. Mwana anadziwa fungo la kabulangeti kake, anatembenuka kamodzi n'kugona ola lathunthu. Ola limenelo amayi anatambasula miyendo, ine ndinagona chagada pachitenje, palibe amene ananyamula kanthu. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pogonera ndiye chili bwino."

Madzulo ano cha m'ma 8 achemwali anaimba pa WhatsApp. Kwawo inali 2 koloko masana. Nditawafotokozera anati nkhani yomweyi imawazunguza mutu makolo akumeneko akamapita ndi ana ku Walt Disney World, malo aakulu a masewera ndi zisangalalo pafupi ndi mzinda wa Orlando: kunyamula chikuku chawo kapena kukabwereka pachipata. Kumeneko pansi m'posalala paliponse, vuto ndi kutalika kwa mtunda, munthu umayenda tsiku lonse, moti ngakhale mwana wazaka zisanu amafuna pokhala. Zikuku zobwereketsa zilipo, umalipira patsiku. Koma ndi zapulasitiki wolimba, mpando wake sugona chagada, ndiye khanda kapena mwana wofuna tulo amavutika kwambiri. Chachikulu n'chakuti suloledwa kutuluka nacho pachipata. Iwo chaka china anabwereka ku Magic Kingdom, paki yakale kwambiri pamenepo, yotsegulidwa mu 1971. Usiku anabweza chikuku mwana ali mtulo, ndipo kuchoka pachipata kukafika pomwe anaimika galimoto pamafunika kukwera kasitima kapena boti, kenako kuyendanso. Njira yonseyo anamunyamula pamanja, mizere ili yaitali. "Ndinalakalaka chitenje, mng'ono wanga," anatero.

Kubwera ndi chako nakonso kuli ndi zake. Pali muyeso, chisapitirire masentimita 79 m'lifupi ndi 132 m'litali, ndipo zija zokhala ngati ngolo anaziletsa mu 2019. Pokwera basi uyenera kuchipinda, mwana kudzanja lina, chikwama kwina. Ukafuna kulowa m'masewera umachisiya panja pamalo oimikapo zikuku, pomwe pamakhala mazanamazana zofanana, ndipo ogwira ntchito amazisuntha pokonza malo. Anthu amamangirirapo kansalu kowala kuti achizindikire. Achemwali amamangirira kachidutswa ka chitenje chomwe amayi anawapatsa ponyamuka. Amayi atamva zimenezo kuchipinda anafunsa kuti ndi chitenje chiti, ndipo anakambirana za icho mphindi zingapo ine nditangogwira foni.

Chimene ndaona ine lero n'chakuti chogonera mwana ndi bwino chikhale chake, chomwe amachidziwa, kaya ndi chitenje kaya chikuku. Tulo ta mwana sitidikira kuti mufike pachipata kapena mutuluke, ndipo mwana wotopa safuna chinthu chachilendo kapena munthu wachilendo. Cholipira hayala ndi mphamvu zonyamulira zina zonse. Ndalama yomwe tinamupatsa mnyamata wotilondolera uja ndi imene yagwira ntchito kuposa zonse lero, chifukwa popanda iye manja athu akanakhala odzaza ndi zikwama pamalo pomwe mwana ankafuna manja amenewo. Ndikanakonda pa Likhubula patakhala zobelekera zingapo zobwereketsa, zija za mpando, kuti abambo amene sadziwa kumanga chitenje azinyamula ana awo okha mosaopsa, komanso malo odalirika osungitsa chikuku. Mabanja ambiri a kuno safika kudziwe kuja chifukwa chongosowa chochita ndi mwana wamng'ono, ndipo amene amatsala kunyumba nthawi zonse ndi mayi.

Tayala limodzi lakutsogolo layamba kulira, muli mchenga. Bambo a ana ati alimasula mawa tikabwera kutchalitchi. Mnyamata wagona atafumbata kamwala kosalala komwe watola m'mphepete mwa dziwe, ndipo wafunsa kale kuti ku Chambe tidzapita liti. Ndamuuza kuti mlongo wake akayamba sukulu. Madzi a m'beseni azizira, ndikawaone amayi ngati akufuna ena otentha a mawondo.