Corolla yanga yasiya 20W-50: zomwe ndaona kuyambira Juni mpaka Okotobala

Papita miyezi ndisanalembe za Corolla yanga ija. Kwa amene mwangondipeza kumene, ndi Toyota Corolla ya mtundu wa NZE121 ya 2004, injini yake 1NZ-FE ya malita 1.5. Inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo ine ndine wachitatu kukhala nayo kuno kwathu. Loweruka ndikapeza mpata ndimakhala nayo kuseri kwa nyumba kuno ku Dedza, masipanala ali mbwee pa chiguduli. Mabuleki ndinathana nawo mu Epulo. Lero nkhani ndi oyilo.

Chinandiyambitsa ndi phokoso. Mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Juni, m'mawa manja osafuna kutuluka m'thumba. Ndikaliza galimoto, cha kumene kuli tcheni cha m'kati mwa injini kunkamveka "trrrr" wa zitsulo kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako zii. Masana phokosolo kunalibe. Kanyali kofiira ka oyilo nakonso kankachedwa kuzima. Mtima unkandipweteka, chifukwa phokoso lotero ndiye kuti zitsulo zayamba kuyenda oyilo asanafike bwino.

Chigulireni galimotoyi, amene ankandisevisira ankathira oyilo wa 20W-50. Ndi madala aulemu wawo, anayamba umakaniko nthawi ya ma Peugeot 504, ndipo zambiri zimene ndimachita pa galimoto ndinaonera kwa iwo. Nditawafunsa anati, "Aphunzitsi, kuno n'kotentha. Oyilo wamadzimadziyo ndi wa kwa anzathu kogwa chisanu. Injini ikakula imafuna wolimba." Sindinawatsutse, koma ndinakafufuza tanthauzo la manambalawo.

Manambalawa amaika ndi bungwe la mainjiniya la SAE pa muyezo wotchedwa J300. Nambala ya kutsogolo kwa W imanena mmene oyilo amayendera atazizira, ndipo W ameneyo ndi chilembo choyamba cha mawu a Chingerezi otanthauza nyengo yozizira. Oyilo wa 5W amayesedwa ngati injini ingatembenuke naye pa madigiri 30 pansi pa ziro, wa 10W pa 25, wa 20W pa 15. Nambala yachiwiri imanena kulimba kwake pa madigiri 100, apo injini yatentha ili pa ntchito. Wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 pa muyezo wa cSt, wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3, wa 50 kuyambira 16.3 mpaka 21.9. Choncho 5W-30 ndi 10W-30 akatentha amakhala gulu limodzi, amasiyana m'mawa basi.

Wina anena kuti ku Dedza madigiri 30 pansi pa ziro sadzafikako, n'zoona. Koma kusiyanako sikudikira chisanu. Mapepala a makampani a oyilo amaonetsa kuti ngakhale pa madigiri 40, wa 20W-50 amakhala cha m'ma 150 cSt kapena kuposerapo, pamene wa 5W-30 ali cha m'ma 60. Nanga kuli bwanji m'mawa wa kuno, madigiri osafika ndi 10 omwe?

Ndinafuna kuona ndi maso anga. Ndinatenga timabotolo tiwiri tofanana, kena ndinathira 20W-50 wotsala, kena 5W-30, n'kutisiya pakhonde usiku wonse. Cha m'ma 5 koloko ndinatipendeka limodzi pa lata loyera. Wa 5W-30 anatsetsereka ngati mafuta ophikira, n'kufika m'munsi mnzake asanafike ndi pakati pomwe. Wa 20W-50 ankachita kudzikoka ngati uchi wa m'mphika, kumasiya ulusi pakamwa pa botolo. Kenako ndinativiika tonse m'madzi owira kwa kanthawi. Apo onse anasanduka amadzimadzi, kusiyana kwake kochepa zedi. Ndinakhala pa njerwa n'kumaganiza za tinjira ting'onoting'ono ta m'kati mwa injini, momwe uchi umenewu umayenera kudutsa kuti ukafike pamwamba.

Paja injini iyi si ya 504. Ili ndi VVT-i, makina osintha nthawi yomwe mavavu a injini amatsegukira, ndipo chimene chimasuntha giya ya kamu kuti mavavu atsegule msanga kapena mochedwa ndi oyilo yemweyo, kudzera pa kavavu ka magetsi komwe kali ndi kasefa kake kakang'ono ngati nsonga ya chala. Chokungira tcheni nachonso chimadalira mphamvu ya oyilo. Buku la galimotoyi la ku Japan limatchula 5W-30 ndi 10W-30, pamodzi ndi ena opepuka kuposa amenewa. Ndisawalakwire madala aja: mabuku a Toyota a m'maiko otentha amalolanso 15W-40 ndi 20W-50 pa injini yomweyi, ndiye sikuti ankandiphera galimoto. Ndipo pa injini yotheratu, yofuka utsi wabuluu, oyilo wolimba amathandizadi kuti munthu ayendebe podikira ndalama yokonzera. Yangayi siinafike pamenepo.

Pomwe sindigwirizana nawo ndi pa mawu oti kuno n'kotentha. Injini yabwinobwino kutentha kwake kumalamulidwa ndi themositati, vavu yololeza madzi kupita ku redieta, yomwe pa 1NZ imayamba kutsegula pa madigiri 82. Kaya uli ku Nagoya ku Japan kaya ku Ntcheu, ikatentha imakhala cha pomwepo, oyilo n'kumasewera kufupi ndi 100. Dzuwa lathu limawonjezerapo ndithu, makamaka pachitunda, koma osati mpaka kusintha injini kukhala ina.

Poganizira zimenezi ndi pomwe ndinakumbukira kuti geji yanga ya kutentha inkachedwa kukwera, ndipo potsika ku Linthipe inkagweranso pansi. Nditamasula paipi ya m'munsi ya redieta pomwe imalowa mu injini, ndinapeza mulibe themositati, bowo lokhalokha. Wina anaichotsa kalekale, monga amachitira ambiri kuno poopa kuti galimoto iwira. Ndiye kuti zaka zonsezi injini inkayenda yozizira, oyilo wolimba kale uja osapepuka mokwanira, chinyezi ndi petulo wolowerera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, osauma. Kunsi kwa chitsekerero cha oyilo kunali utoto woyererako ngati chambiko. Ndinagula themositati yatsopano ku Lilongwe n'kuibwezeretsa tsiku lomwelo.

Oyilo ndinasintha Loweruka pa 5 Julaye, geji ili pa makilomita 187,240. Ndinaitenthetsa kaye pang'ono, n'kumasula bawuti ya sampu ndi sipanala 14. Wakaleyo anatuluka wakuda bii. Ndinaika wasa watsopano pa bawutiyo, fyuluta yatsopano nditapaka oyilo pa labala wake, n'kuimanga ndi dzanja basi. Pa fyuluta sindinaumire ndalama, chifukwa yabwino imakhala ndi kavavu koletsa oyilo kubwerera mu sampu usiku, ndipo kavavuko kakakhala kachabechabe phokoso la m'mawa limabwera ngakhale oyilo akhale woyenera. Kasefa ka VVT-i kaja ndinakatulutsanso. Theka lake linali litamatidwa ndi phala lakuda, ndinakatsuka ndi petulo ndi mswachi wakale mpaka kuwala kunayamba kudutsa. Analowa malita 3.7 a 5W-30 wolembedwa API SN, chizindikiro cha giredi ya oyiloyo. Ndinagula pamalo omwetsera mafuta, chigubu chomata bwino, chifukwa wopima m'mabotolo m'mbali mwa msewu sudziwa chomwe chili m'katimo.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanache kuti ndiipeze itazizira bwino. Nditapotokola kiyi, kanyali kanazima nthawi yomweyo, ndipo "trrrr" uja anangoti tsee kamodzi n'kutha. Ndinasangalala kwambiri moti ndinakadzutsa mayi a kunyumba kuti adzamve. Pano zinthu zinayi ndinazisintha pafupifupi nthawi imodzi, oyilo, fyuluta, kasefa ndi themositati, ndiye ulemu wonse sindingaupereke kwa oyilo yekha. Petulo nayenso ndikuona kuti akukhalitsa pa ulendo wa ku Lilongwe, ngakhale apa ndikukhulupirira kuti themositati ndiyo yagwira ntchito yaikulu.

Mantha anga anali oti iyamba kudya oyilo. Ndiye Lamlungu lililonse m'mawa, pamalo amodzimodzi osapendekeka, ndakhala ndikusolola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, n'kulemba m'kope. Makilomita 3,000 oyamba anatsika pang'ono chabe kuchoka pa kadontho ka pamwamba.

Mayeso enieni anali sabata yatha, titapita kukaona apongozi ku Nchalo. Chigwa cha Shire mu Okotobala mukuchidziwa, madigiri amapitirira 40, mpando umawotcha msana. Pobwerera tinali anthu asanu ndi matumba awiri a mpunga, n'kukwera chitunda cha Thabwa masana dzuwa lili paliwombo, nthawi yambiri pa giya yachiwiri. Geji ya kutentha inangokhala pakati osasuntha. Tili pamwamba ndinaima pambali n'kuisiya ikulira kuti ndione ngati kanyali ka oyilo kaphethire, poti oyilo akapepuka mopitirira ndi pomwe kamaonekera. Sikanaphethire, ndipo injini inkalira mofatsa. Koma nditafika ku Dedza dipisitiki inaonetsa kuti ulendo umodzi umenewu wadya oyilo wofanana ndi wa miyezi itatu yonse ija. Ndinawonjezera pafupifupi theka la lita.

Madala aja nditawafotokozera anaseka, amvekere, "Mwaonatu aphunzitsi, Chikwawa siinama." Kenako anasuzumira okha kuseri kwa injini n'kundionetsa pomwe gasiketi ya kava ya pamwamba ikuchucha, fumbi litamatirira ponyowapo. Choncho wina mwa oyiloyo sanapse ayi, anatayikira panja.

Gasiketiyo ndagula kale, ndiika Loweruka likubwerali, ndipo ndiyang'ananso kavavu ka PCV, kotulutsa mpweya wounjikana m'kati mwa injini, ngati sikanatsekeke. Ndikatero ndiyambiranso kulemba m'kope. Ikapitiriza kudya pa maulendo a kuchigwa, posintha pa 192,000 ndidzayesa 5W-40, kuti m'mawa wa ku Dedza azithamangabe koma pa Thabwa akhale wolimbirako.