Zida zankhondo zaulere kwa apolisi ku America

Mu kosi ya kayendetsedwe ka maboma ang'ono yomwe ndikuchita, tinapatsidwa ntchito yosankha ndondomeko imodzi ya boma lililonse n'kuitsata kuyambira pomwe inabadwira. Ine ndinasankha ya ku America yotchedwa 1033, yomwe imalola unduna wa zachitetezo kupereka kwa apolisi katundu amene asilikali sakumufunanso.

Dzinali likuchokera pa ndime 1033 ya lamulo la bajeti ya asilikali ya chaka cha 1997, lomwe Bill Clinton anasainira mu 1996. Muzu wake ndi wakale pang'ono. Mu 1989 nyumba ya malamulo inali italoleza kale kupereka zidazi, koma kwa apolisi olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo okha. Lamulo la 1996 ndi lomwe linatsegula khomo kwa onse. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi nthambi ya Defense Logistics Agency, ndipo katundu amene waperekedwa kuyambira pachiyambi ndi woposa madola 7 biliyoni, kuwerengera mtengo womwe asilikali anamugulira.

Wambiri mwa katunduyo palibe amene angakangane naye: mipando, majenereta, nsapato, mabulangete, zipangizo zachipatala. Mkangano uli pa mfuti monga M16 ndi galimoto za MRAP, zomwe anazipanga kuti zizipirira mabomba okwirira m'misewu ya ku Iraq ndi ku Afghanistan. Nkhondozo zitayamba kuzilala, galimotozo zinasowa ntchito, ndipo zinayamba kutulukira m'matauni ang'onoang'ono momwe chaka chimatha kutha popanda munthu kuphedwa.

Anthu ambiri anadziwa za nkhaniyi mu Ogasiti 2014, wapolisi atawombera n'kupha mnyamata wachikuda Michael Brown ku Ferguson, m'chigawo cha Missouri. Zithunzi za apolisi atavala ngati asilikali, atakwera pamwamba pa galimoto zachitsulo n'kuloza mfuti anthu ochita zionetsero, zinafika dziko lonse. Komatu zida zambiri zomwe zinaoneka kumeneko sizinali za 1033. Pali njira inanso, ya ndalama zomwe boma lalikulu limapereka zothana ndi uchigawenga chichitikireni chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Seputembala 2001. Tauni yaing'ono ya Keene ku New Hampshire inagula galimoto yachitsulo yosaboola zipolopolo yotchedwa BearCat ndi ndalama zoterezi, ndipo pakalata yopemphera inatchula chikondwerero chake cha maungu ngati malo omwe zigawenga zingaukire. Ndinaseka ndekha powerenga, koma ndalamazo anapatsidwa ndithu.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri pa phunziroli si kukula kwa mfutizo koma ulere wake. Mkulu wa apolisi akafuna kugula galimoto ya madola mazanamazana a zikwi ndi ndalama za tauni, amayenera kukaima pamaso pa khonsolo. Makhansala amafunsa kuti ndi ya chiyani, anthu okhoma msonkho amadandaula, wina amakumbutsa za msewu wokumbika ndi sukulu yodontha. Nthawi zambiri pempho lotere limafera pomwepo. Koma galimoto ikakhala yaulere, apolisi n'kungolipira zoinyamulira ndi zoikonzera, palibe chokapempha ku khonsolo. Kwa zaka zambiri anthu a m'matauni ena ankangodzidzimuka ataiona pamsewu. Ngakhale apolisi olondera sukulu za ku Los Angeles analandira MRAP, mfuti za M16 ndi zida zoponyera mabomba, ndipo anayamba kubweza zina anthu atakwiya mu 2014.

Panalinso lamulo lakuti katundu wolandiridwayo agwiritsidwe ntchito chaka chisanathe, apo ayi abwezedwe. Cholinga chake n'chabwino, kuti anthu asamangounjika zinthu. Koma taganizani zomwe limachita m'mutu mwa munthu amene wapatsidwa galimoto yankhondo ndipo sakufuna kuti imuchoke. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU litafufuza mu 2014 linapeza kuti pa maulendo omwe magulu a SWAT, apolisi apadera onyamula zida zamphamvu, anatumidwa, pafupifupi 62 pa 100 aliwonse anali okasaka mankhwala ozunguza bongo m'nyumba za anthu. Maulendo okhudza anthu ogwidwa ngati chikole kapena achiwembu odzitsekera m'nyumba, omwe maguluwa anakhazikitsidwira, anali 7 okha pa 100.

Kodi zidazi zimachepetsa umbanda? Apa m'pamene mphunzitsi wathu anatiuza kuti tisamathamangire kukhulupirira pepala loyamba lomwe tawerenga. Mu 2017 kunatuluka kafukufuku awiri a akatswiri a zachuma onena kuti inde, umbanda umatsika. Mu 2020 akatswiri ena anabwereza ntchitoyo ndi mabuku okonzedwa bwino ndipo sanapeze umboni wotero. Vuto linali lakuti mabuku a boma sankasonyeza bwino katundu amene anabwezedwa, kuonongeka kapena kusamutsidwira kwina. Kalembera wake anali wofooka moti mu 2017 ofesi ya GAO, yomwe imalondoloza ndalama za boma, inapeka nthambi ya apolisi yabodza, n'kuipangira tsamba la pa intaneti, ndipo inalandira katundu wa madola pafupifupi 1.2 miliyoni.

Sindikunena kuti apolisi alibe mfundo. Galimoto zazitali zija zapulumutsapo anthu m'madzi osefukira, ndipo wapolisi amene akupita komwe munthu akuwombera anzake ali ndi ufulu wofuna chitsulo chomutchinga. Tauni yosauka singakwanitse kugula zimenezo. Koma ngati mfundoyo ndi yamphamvu, ingapambanenso pamsonkhano wa khonsolo anthu akumva.

Ku Washington nkhaniyi imangotembenuka ndi amene ali pampando. Barack Obama analetsa zina mu 2015, monga akasinja oyenda pa matcheni, mipeni yomangirira kumfuti ndi zoponyera mabomba. Donald Trump anachotsa chiletsocho mu 2017, Joe Biden anachibwezera mu 2022, Trump n'kuchifafanizanso mu Januwale 2025. Zigawo zina sizinadikire. New Jersey mu 2015 inakhazikitsa lamulo lakuti khonsolo iziyamba yavomereza apolisi ake asanalowe mu 1033, ndipo California inachitanso chimodzimodzi mu 2021 pa zida zankhondo. Lipoti langa ndaganiza kulilemba pa zigawo ziwirizi, ndione ngati zopempha za apolisi zinasintha makhansala atayamba kufunsa mafunso.