Tsiku limene ndinavula malaya ku Chibavi

Abwana atandiuza kuti andisamutsira ku Mzuzu, ndinavomera ndi manja awiri, chifukwa munthu wobadwira ku Chikwawa ngati ine, amene anakula akuwauka ndi dzuwa la m'chigwa cha Shire, akamva za malo ozizira amangoti kumeneko ndiye kwabwino. Ndinakweza katundu wanga yense pa lole, ine n'kukhala kutsogolo ndi adalaivala. Titadutsa Kasungu ndi Jenda n'kulowa m'nkhalango ya Chikangawa, chifunga chinatiphimba moti adalaivala ankayendetsa mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, pamene ine mano ankangoombana chifukwa ndinalibe ngakhale juzi.

Kupeza nyumba ku Mzuzu si masewera. Malo amene anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta, m'zaka za m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985, pa kalembera wa 2018 anapezeka ndi anthu oposa 220,000, ndipo ndikukhulupirira kuti onsewo ankafuna nyumba mwezi umene ndinkaifuna ineyo. Ku Katoto lendi inali yoboola m'thumba, ku Luwinga ophunzira a pa yunivesite anali atalowa kale paliponse, choncho mnzanga wa kuntchito anandipezera kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chibavi, kuseri kwa nyumba ya mayi ena achikulire amene ankalankhula Chitumbuka chokhachokha.

Chenjezo loyamba ndinalandira tsiku lofika lomwelo, koma sindinalimve. Mayiwo ataona lole ikutsitsa katundu popanda mkazi kapena mwana, anandifunsa kuti, "Kasi muli kutola?" Ine ndinakhumudwa pang'ono, n'kuyankha mwaulemu kuti sindinatole kanthu, katundu yenseyo ndinachita kugula ndekha. Patapita masiku m'pamene ndinauzidwa kuti ankafunsa ngati ndinakwatira.

Lamlungu lotsatira, m'mwezi wa Epulo, kunacha bwino ndipo dzuwa linawala. Ndinatulutsa matiresi amene ananyowa ndi chifunga cha panjira, mabulangete awiri, suti yanga yokhayo ndi masatifiketi, n'kuyanika zonsezo pa kapinga, kenaka ndinakhala pampando kuothera dzuwa ngati buluzi. Mwadzidzidzi mayi aja anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja, akukuwa kuti, "Vula, adada! Vula!"

Ndinali nditamva kale kuti anthu a kumpoto sachita masewera ndi ulemu kwa akuluakulu, choncho ndinaganiza kuti ndalakwa pokhala pabwalo pawo ndi nsapato, ndipo ndinazivula msangamsanga. Iwo anakuwa kwambiri akuloza pamwamba pa mutu wanga, ine n'kuvula chipewa. Atakuwa kachitatu, nkhope yawo ikuoneka ya mantha enieni, ndinatsimikiza kuti chinkhanira kapena linthumbu landikwera kumsana, pakuti kwathu munthu akakuuza kuti uvule mothamanga chotero, sufunsa chifukwa. Ndinavula malaya mabatani awiri n'kuthothoka, ndinawakutumula, ndinadumphadumpha ndikudzimenya m'nthiti, ndipo dzanja linali litagwira kale lamba pamene dontho loyamba, lozizira ngati madzi a mufiriji, linandigwera pamsana.

Ndinayang'ana kumwamba kumene mayiwo ankaloza nthawi yonseyo, n'kuona mtambo wakuda bii utatsikira pa madenga. Mu Chitumbuka, vula ndi mvula.

Amayi oyandikana nafe amene ankathamangira kukaanula zovala anaima chilili, zovala zawo zikunyowa, kuonerera bambo wamkulu ali chibadwire cha kumtunda akuvina yekha pabwalo. Wakabaza wina amene ankadutsa anamanga mabuleki mpaka kasitomala wake anatsetserekera pamsana pake. Mayi eni nyumba anakhala pansi pakhonde, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha kuseka, ndipo pamene ndinakumbukira za matiresi, anali atamwa kale madzi moti tinachita kunyamula anthu atatu.

Mvula imeneyo inawaza masiku atatu osalekeza, ine ndikugona pa makatoni, ndipo Lolemba ndinakaonekera ku ofesi yatsopano nditavala juzi yobwereka ya malemu amuna awo a mayiwo, manja ake ofika m'zigongono. Lero ndatha zaka ziwiri ku Chibavi, ndimayankha kuti "nili makora" popanda kuganiza za makola a ng'ombe, koma ana a m'derali amandipatsabe moni kuti "Monire a Vula." Mitambo ikayamba kuda, mayiwo sakuwanso okha. Amatuma mdzukulu wawo wodziwa Chichewa kudzagogoda pakhomo panga, ndipo mwanayo amanena ataimirira mwaulemu kuti, "Agogo akuti mvula ikubwera, koma akuti malaya musavule."