Civil kapena mechanical: funso la mchemwali wanga

Zotsatira za MSCE zitatuluka, mchemwali wanga wamng'ono anandiimbira foni usiku. Masamu ndi fizikisi zinamuyendera bwino, ndipo nthawi yosankha maphunziro a kuyunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, inali itayandikira. "Achimwene, ndiyambe kulemba chiyani, civil kapena mechanical? Amalume akuti ntchito zili ku civil." Ankanena za nthambi ziwiri za uinjiniya: civil, ya zomangamanga monga misewu ndi milatho, ndi mechanical, ya makina. Ine ndili chaka chachinayi cha mechanical ku yunivesite ya MUBAS, yomwe akuluakulu amaitchabe Poly. Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri. Digiri ya uinjiniya imadya zaka zisanu za moyo wa munthu, ndiye sindikanamuyankha mothamanga.

Amalume sananame. Ntchito ya civil imaoneka ndi maso. Aliyense wodutsa ku Lilongwe waona misewu yomwe yakuzidwa komanso mlatho wa magalimoto wa pa Area 18. Msewu wa M1 wakhala ukukonzedwa chigawo ndi chigawo. Ku Chikwawa akukumba ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira yotenga madzi pa Kapichira. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 anasiya milatho yoduka ndi misewu yong'ambika ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena akummwera, ndipo zonsezo zimadikira injiniya wa civil. Makomo ogogoda ndi ambiri: Roads Authority, mabungwe a madzi, makhonsolo, makontrakitala, makampani olemba mapulani. Ngakhale munthu wamba akafuna kumanga nyumba yosanja amafuna wina womuwerengera zitsulo za mu silabu.

Chomwe amalume sanafunse n'chakuti: ndalama yolipira ntchito zimenezi imachokera kuti? Yambiri imachokera ku boma ndi kwa abwenzi akunja. Ikabwera, ntchito imasefukira, anthu amalembedwa mpaka kusowa. Ikachedwa, zonse zimaima tsiku limodzi. Mnzanga wina wa civil anachita attachment, nthawi yomwe wophunzira amakaphunzirira pantchito penipeni, pa msewu wina. Masabata oyamba ankandiimbira ali wosangalala kwambiri. Ankadzuka m'bandakucha, n'kuthira konkire m'chitsulo chooneka ngati ndowa yozondoka, kuisinja, kukweza chitsulocho n'kuyeza kuti konkireyo yatsika bwanji. Ina ankaithira m'timabokosi kuti akaiphwanye ku labu pakatha masiku 7 ndi masiku 28. Ankati palibe chokoma ngati kuona manambala a m'kope akusanduka chinthu chomwe galimoto idzadutsepo. Mwezi wachitatu kontrakitala anasiya kulandira malipiro. Makina anangoima m'mbali mwa msewu, udzu n'kuyamba kumera pansi pake, ndipo mainjiniya achinyamata omwe anali pa kontrakiti ya miyezi anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Mnzangayo sanasiye kukonda civil, koma anabwerako akudziwa kuti ntchito yake idzakhala yosamukasamuka, lero kuno mawa uko, ndipo nthawi zina pakati pamakhala miyezi yopanda kanthu.

Ku mechanical makomo ndi ochepa, ndipo izi sindinamubisire. Dziko lathu lilibe mafakitale ambiri. Tikamawerenga, sitifika patali: shuga ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, fodya ku Kanengo, simenti, zakumwa, njanji, magetsi a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Malo ambiri ali kutali ndi tauni, ndipo amene walowa sachoka msanga. Chinanso chomwe chimandipweteka n'chakuti m'kalasi timaphunzira kupanga makina kuchokera papepala, kuwerengera magiya ndi mashafti, koma ambiri mwa ife tidzathera moyo wathu tikusamalira makina opangidwa ku India, ku China kapena ku Germany. Kumudzi nako sakumvetsa. Agogo anandifunsapo mwachikondi kuti, "Ndiye zaka zonsezi ukuphunzira umakaniko?"

Maganizo anga pa nkhani yosamalira makinayi anasintha pa attachment, ku fakitale ina ya tiyi. Inali nyengo ya mvula, pomwe masamba amabwera ochuluka ndipo fakitale imagwira usana ndi usiku. Tsamba likathyoledwa silidikira. Liyenera kufota, kudulidwa m'makina otchedwa CTC, kusintha mtundu, kenako kuumitsidwa ndi kutentha kochokera ku boyila ya nkhuni. Chimodzi chikaima, zonse zam'mbuyo zimaunjikana n'kuyamba kuwonongeka.

Tsiku lina bambo wina wachikulire wa mu wekishopu, yemwe alibe digiri koma wagwira ntchitoyo kuyambira ine ndisanabadwe, anandiitana pafupi ndi fani yaikulu ya choumitsira. Anagunditsa nsonga ya screwdriver pa chitsulo chosunga bering'i, kachipangizo kothandiza shafti (mtanda wachitsulo wozunguza fani) kuzungulira mosalala, chogwirira chake n'kuchiika pakhutu. Kenako anandipatsa. "Tamvera, mwana wanga." Ndinamva kulira kosalala, koma mkati mwake munali kakukuta kakang'ono kobwerezabwereza, ngati mchenga uli m'mpunga. "Iyi sifika Loweruka," anatero. Ine ndinali nditalemba mayeso a vibration, phunziro la kunjenjemera kwa makina, miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo apa m'pamene ndinamva ndi khutu langa chomwe ma graph a m'kalasi ankanena. Bering'i ina inalipo m'sitolo, koma shafti inali itadyeka, ndipo yatsopano ikanatenga masabata kuti ifike kuchokera kunja. Injiniya wa pafakitalepo anakhala pansi, anawerengera kulemera ndi liwiro lomwe shaftiyo imasenza, anasankha chitsulo choyenera pa zomwe zinalipo, ndipo bambo aja anaisema pa lathe, makina osemera zitsulo. Anaiika usiku wa Lachinayi. Lachisanu m'mawa tiyi ankatuluka ngati palibe chachitika.

Palibe amene adzajambule shafti imeneyo n'kuika m'nyuzipepala. Koma taganizani za dziko lomwe ndalama zakunja zimasowa, komwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo, ndipo china sichibwera n'komwe. Munthu wotha kutalikitsa moyo wa makina, kapena kupanga chipangizo pompano, amakhala wofunika chaka chonse, kaya boma lili ndi ndalama ya chitukuko kaya lilibe. Madzi ambiri a mu Blantyre amakwezedwa ndi mapampu kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo mapampu amenewo sadziwa kuti bajeti yachedwa. Migodi nayo, monga wa Kayelekera ku Karonga ndi wa Kangankunde ku Balaka, ikayenda bwino idzafuna anthu a makina ambiri, ngakhale kuti ine sindingauze mwana kuti aike tsogolo lake lonse pa chiyembekezo chimenecho.

Ndiye kusiyana kwenikweni, momwe ndikuonera, sikuli pa kuchuluka kwa ntchito kokha. Civil imakupatsa makomo ambiri ndi mwayi wodzayamba kampani yako, koma umayenda ndi nyengo ya ndalama za boma. Mechanical imakuvutitsa polowa, koma ukalowa umakhazikika, ndipo luso lake limayenda nawe kulikonse komwe kuli chozungulira. Zamalipiro ndinamuuza kuti asamvere mphekesera za pa WhatsApp, chifukwa anthu awiri a kalasi imodzi amatha kulandira mosiyana kwambiri malinga ndi komwe agwera. Wa civil ndi wa mechanical yemwe, akamaliza amayenera kulembetsa ku bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution ndi kugwira zaka zingapo pansi pa injiniya wokhwima asanayambe kusaina okha. Ndipo ntchito zazikulu zimafuna onse. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Makina opukusa magetsi analipo, koma sakanazungulira mpaka a civil atabwezera madzi m'njira yake.

Masiku awiri atakwana ndinamuimbira n'kumufotokozera zonsezi. Kenako ndinamufunsa chomwe iyeyo amaima n'kuchiyang'ana nthawi yaitali akamayenda. Anakhala chete pang'ono. "Kamlatho ka kwathu kaja, achimwene. Akamanga kawiri ine ndikuona, ndipo kawiri konse madzi adya m'mbali momwemo. Ndimafuna nditadziwa chomwe amalakwitsa." Ndinakumbukira mmene ankavulira nsapato n'kusenza makope pamutu powoloka kupita kusukulu mvula ikagwa.

Analemba civil poyamba, mechanical kachiwiri. Makope anga a masamu ndi a statics a chaka choyamba ndawamanga kale m'jumbo, ndidzamupititsira pa holide.